Khanda la masabata atatu ndi chimfine

Amake khanda, mwafunsa ngati mungampatse Amoxil wotsala wa mkulu wake mwana wanu wa masabata atatu, yemwe anabadwa bwinobwino koma tsopano akuyetsemula, mphuno zatseka. Chonde musampatse. Chimfine chotere kawirikawiri chimabwera ndi mavairasi monga rhinovirus ndi RSV, pamene Amoxil amapha mabakiteriya basi.

Kutseka mphuno pakokha kusakuopseni. Khanda limapumira kwambiri m'mphuno, ndipo timabowo take n'tating'ono, moti timamina pang'ono tokha limayamba kulira m'mphuno ngati ladwala kwambiri. Mudonthezereni m'mphuno madzi a saline (madzi a mchere) a ku famasi asanayamwe, ndipo bere lizikhala pafupipafupi. Uchi, Vicks ndi mankhwala a chifuwa, ayi ndithu.

Koma RSV ndiye wosamudalira. Kwa ife akulu n'chimfine wamba, kwa khanda amatsikira m'tinjira ta mpweya ta m'mapapo, ngakhale mwana wonenepa wobadwa miyezi yokwana. Ndipo amakula mphamvu cha pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu, pamene inu mwayamba kale kumasuka mtima. Choncho akagona, mutsegule pachifuwa, muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Kukafika 60 kapena kupitirira, werenganinso, zikabwereza, nyamukani. Chimodzimodzi mukaona pansi pa nthiti pakulowa mkati, akubuula, akudukiza kupuma, milomo yada, akukana bere, kapena wafooka moti kumudzutsa kukuvuta. Thupi likatentha kufika 37.5 kapena likazizira pansi pa 35.5, musampatse Panadol n'kudikira kuti kuche. Pa msinkhu uwu kutentha kungakhale matenda a m'magazi, ndipo kunyumba simungasiyanitse. Muno mu Lusaka, zipatala za Chawama, Kanyama, Matero ndi Chilenje zimagwira ntchito usiku womwe, ndipo zikavuta amakutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH. Khadi lake musaiwale.

Mwana wanga wachiwiri anatengera chimfine kwa mkulu wake wa ku sukulu, amene ankathamangira kukamupsompsona asanavule n'komwe yunifolomu. Ana ngati amenewo, ndi alendo odzaona mwana, asambe m'manja ndi sopo kaye. Wa chimfine aonere patali, akwiye akwiye. Mbaula nayo, ndikudziwa kuzizira kwa Juni muno mu Lusaka, koma utsi wa makala m'chipinda chotseka umapweteka mapapo ake, ndipo mpweya wa makalawo umapha anthu ali m'tulo. Mufungatireni pachifuwa panu, mufunde chitenje ndi bulangete nonse awiri.