Ya VIP ya mahatchiyo musatumize, achimwene

Achimwene a ku Kamwendo, ndalama yolowera gulupu ya VIP yogulitsa matipu a beti ya mahatchi, imene mwalemba muno ija, musatumize. Ndawerenga mpaka pamene mwati adimini wake ali ndi munthu m'khola la mahatchi ku Durban amene amamuuziratu yowina, thupi lonse lachita tsembwe. Mawu ake ndi omwewo a munthu amene anandibera ine, sanasinthe ngakhale limodzi. Kaya ndi yemwe uja wangosintha chithunzi, kaya ndi mng'ono wake, koma sukulu anaphunzira imodzi.

Amene mumandidziwa muno mukudziwa kuti ine mahatchi sindinawadziwire pa foni. Ndinakhalako ku Joni, ku Rosettenville, ndipo bwalo la mahatchi la Turffontein linali poyenda wapansi. Loweruka anzanga akamapita kokaonera mpira ine ndinkakhala pampanda kumvera nthaka ikunjenjemera mahatchi akamakwera chitunda chija asanakhote komaliza. Kumeneko ndi kumene mdala wina wachizulu anandiphunzitsa kuwerenga buku la mipikisano, mzere ndi mzere. Choncho amene mukukonzeka kulemba kuti "za mahatchi ndi za azungu, Mchewa amadziwa ng'ombe ndi ngolo" dikirani kaye, ndikuyankhani tsiku lina.

Chinandichitikira chinali mu 2022. Kumbukirani chaka chimenecho, kwacha inali itagwa ndi 25 peresenti kumapeto kwa Meyi, feteleza akukwera sabata ndi sabata, magetsi akuzimazima chifukwa namondwe Ana anali atawononga Kapichira. Ine ndinali nditagulitsa fodya ku Chinkhoma, ndalama ili mu akaunti, ndikuyiyang'ana ikusungunuka ndisanaigwire. Ndiye pa Facebook kunabwera tsamba lokongola, mavidiyo a Durban July, mpikisano waukulu wa mahatchi wa ku Durban, azimayi ovala zipewa zazikulu, ma screenshot a matiketi obiriwira okhaokha, anthu akuthokoza m'makomenti kuti bwana mwandigulira njinga yamoto. Ndinalowa gulupu yaulere kaye. Mnyamatayo ankalankhula ngati wodziwa, ankatchula Summerveld kumene mahatchi ambiri a ku Durban amaphunzitsidwira, ankatchula ma draw (malo amene hatchi iliyonse imayambira), ankadziwa kuti mkati mwa bwalo la udzu la Greyville, kumene July imathamangidwira, muli njira ina yosakhala ya udzu yotchedwa Polytrack. Munthu wamba wa kuno sadziwa zimenezo. Ndinalipira ya VIP.

Tsono mvetserani apa, chifukwa mpaka lero zimandiwawa. Ine hatchi yanga ndinali nayo kale. Ndinakhala usiku ndi tochi ndi kope la mwana wanga, ndinalemba mahatchi onse 18 a mu July ya chaka chimenecho, ndipo cholembera chinkangobwerera pa Sparkling Water. Hatchi yaikazi, katundu wosenza pothamanga wopepuka poyerekeza ndi akuluakulu a pamwamba. Wophunzitsa wake Mike de Kock, munthu amene anawinapo July ndi mahatchi aakazi kawiri, mu 2002 ndi Ipi Tombe wobadwira ku Zimbabwe, mu 2011 ndi Igugu. Wokwera wake S'manga Khumalo, amene mu 2013 anakhala munthu wakuda woyamba kuwina July, ali pamsana pa Heavy Metal. Ma odi ake anali oposa 10. Zonse zinali pa pepala, ndi dzanja langali.

Lachisanu usiku foni inalira. Osati meseji, kuimba ndithu, nambala ya ku South Africa, Chichewa chosalala. "Madala, inu ndi kasitomala wamkulu, sindingakusiyeni mugwe m'dzenje. Yaikaziyo yagona osadya, mnyamata wathu wa m'khola waiona ndi maso. Ikani zonse pa iyi." Ananditchulira hatchi ina, dzina lake sindilemba chifukwa nyamayo sinandilakwire. Anati ndisauze munthu, ngakhale m'gulupu, ati ma odi angagwe. Anati ndisabetche kuno, ndidutse pa linki yake, kumeneko amalipira m'madola ndipo ndalama yoyamba amaiwirikiza. Ndalama ndinatumiza ku nambala ya ejenti imene anandipatsa. Inali ya mabelo awiri, imene mayi a kunyumba ankadziwa kuti ndi ya feteleza wa ku nazale ndi yolipira anyamata amene anatisankhira fodya.

Loweruka, pa 2 Julayi, magetsi kunalibe kuyambira m'mawa. Ndinakwera kabaza mpaka pa boma, ndinakakhala pa barbershop ina ya sola, foni ili pa chaja, bandulo yatsopano. Nthawi ya ku Durban ndi yathu ndi imodzi, ndiye cha m'ma 4 koloko anthu anali atandizungulira, wina ali ndi nsalu pakhosi mutu atametedwa mbali imodzi, onse akufunsa kuti yathu ndi iti. Ndinawaonetsa mtundu wa malaya a wokwera wake. Zitseko zinatseguka. Mamita 2200 amatha m'mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa, koma netiweki inasankha nthawi yomweyo kuti iime. Kanthu kaja kakungozungulira pa sikirini, mawu okha a woulutsa akudukaduka. Chithunzi chitabwerera anali atakhota kale, ndipo hatchi imodzi inali itachoka pagulu ikupita yokha. Anyamata aja anayamba kukuwa, kundimenya pamsana, wometa uja mpaka anazimitsa mashini. Iwo ankaganiza kuti ndi yathu. Ine ndinali nditamva kale dzina. Sparkling Water. Yogona osadya ija. Khumalo ataimirira pa zopondera, dzanja m'mwamba. Hatchi ya adimini ndinaifunafuna m'mbuyomo, inadutsa pamzere kamera itachoka kale.

Ndinalephera kuimirira. Miyendo inakana ndithu. M'kamwa munauma, m'makutu mukulira, ndipo kope lija linali m'thumba la jekete, dzina la yowina nditalizunguliza kawiri. Mnyamata wina anati "madala tigulireni ya fanta", ndinamuyang'ana mpaka anasowa poyang'ana. Ndinayenda wapansi mpaka pa depoti osadziwa kuti ndikukatani kumeneko, ndinakhala pa benchi mdima mpaka kugwa, kuzizira kwa Julayi kuja osakumva. Foni ya kunyumba inalira, inaliranso, osayankha.

Ndipo munthu uja, mbava yopanda manyazi, 6 koloko isanakwane anali ataponya kale m'gulupu yaulere: "BOOM! VIP yadya! Sparkling Water monga tinanenera!" Ndi ma screenshot a anthu akuthokoza. Ndinamulembera kuti iwe, si iwe unandiimbira usiku kuti yadwala? Anawerenga. Timizere tiwiri tabuluu. Kenako chithunzi chake chinasowa, ndipo m'gulupu ndinapezeka kuti ndachotsedwa.

Mmene amachitira ndinadzazidziwira pa maliro ku Santhe. Alamu anga, amene sindinkadziwa n'komwe kuti nawonso anali m'gulupu yomweyo, anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundionetsa foni. Iwonso anaimbiridwa Lachisanu lomwelo, mawu omwewo a kasitomala wamkulu, koma anapatsidwa hatchi yachitatu, yosiyana ndi yanga. Masamu ake ndi osavuta. Mahatchi ali 18, anthu muli mazana. Amakugawani m'timagulu, kagulu kalikonse hatchi yake, n'kukulumbiritsani kuti musauzane. Mpikisano ukatha kagulu kamodzi kawina basi, amenewo ndiwo amalemba "bwana ndinu mulungu wanga", enanu amakubulokani. Sadziwa hatchi, sadziwa khola, mwina Durban sanaipondeko, ali pa Mchesi kapena pa Chipata pompa ndi simu ya ku Joni. Ndipo linki ija ndi pamene amadyera kachiwiri. Timadola timene tinatsala mu akaunti nditafuna kutapa anati ndiyambe ndalipira msonkho wotsegulira. Kutanthauza kuti ngakhale ndikanaika pa Sparkling Water pa tsamba limenelo, sindikanaona tambala. Zimenezi zimayenera kunditonthoza koma sizinditonthoza ayi, chifukwa akanapanda kuimba ine ndikanabetcha pa shopu ya pa boma monga mwa masiku onse.

Anyamata osankha fodya anabwera pakhomo m'mamawa, anakhala pakhonde osalankhula. Ndinagulitsa mbuzi ndi njinga. Za mayi a kunyumba sindilemba pano, ena a inu mumapemphera nawo.

Dzifunseni chinthu chimodzi achimwene. Munthu wodziwa hatchi yowina angaigulitse bwanji kwa inu pa mtengo wa thumba la chimanga? Ndalama zikachuluka pa hatchi imodzi mtengo wake umatsika, ku tote mumagawana mphika umodzi, ku ma bookmaker amadula ma odi. Wodziwadi amakhala chete ngati manda, amabetcha yekha. Wofuula pa Facebook ndalama yake ili m'thumba mwanu.

Mahatchiwo alibe mlandu, ndipo sindikunena kuti muwasiye. Phunzirani kuwerenga nokha, n'zaulere. Durban July ndi handicap, yakhala ikuthamangidwa kuyambira 1897, nthawi zambiri Loweruka loyamba la Julayi. Hatchi iliyonse ili ndi merit rating, nambala yosonyeza mphamvu zake, imene akuluakulu a National Horseracing Authority amaipatsa malinga ndi mmene yathamangira, ndipo mapointi awiri ndi kilogalamu imodzi ya katundu. Yamphamvu kwambiri imasenza cha m'ma 60 kg, zinazo zimatsikira m'munsi, cholinga chake n'choti zonse zifike pamzere limodzi. Aliyense amene anakwerapo kabaza pa chitunda atanyamula thumba la mtedza akudziwa kuti makilo asanu samveka ponyamuka, amamveka kumapeto. Ntchito yanu ndi kupeza hatchi imene yakula mphamvu kuposa nambala imene anailembera, makamaka zazing'ono za zaka zitatu kapena zinayi zimene zikukwerabe. Yang'anani ngati inafikapo mamita 2000 kapena kuposa, chifukwa yothamanga bwino pa 1600 ikhoza kuthera mpweya pa 2200. Yang'anani draw, Greyville ndi bwalo lopanikiza, msewu womaliza ndi waufupi, yoyambira kunja imazungulira mtunda wautali kapena imatsekeredwa kumbuyo. Yang'anani ngati kwagwa mvula, pali mahatchi odana ndi nthaka yofewa. M'mipikisano ing'onoing'ono ya pakati pa sabata onaninso okwera ophunzira, amachotseredwa katundu mpaka 4 kg, nthawi zina mpata umabisala pamenepo. Ndipo musaiwale kuti kumeneko mahatchi onse amawonjezera chaka pa 1 Ogasiti, musadabwe ya zaka zitatu mu Julayi ikulembedwa zinayi mwezi wotsatira.

Ngakhale mutawerenga zonsezi mudzagwabe kambiri. Do It Again anawina July kawiri motsatizana, 2018 ndi 2019, koma zaka zotsatira anthu anamuthira ndalama osabwereza. Mu 2008 Pocket Power ndi Dancer's Daughter anafika pamzere limodzi mpaka kamera inalephera kuwalekanitsa. Ndi masewera otero. Nanga wina ali pa WhatsApp angakulonjezeni bwanji 100 peresenti?

Zija za pa sikirini m'mashopu a beti, timahatchi tothamanga mphindi zilizonse, musaziwerengere n'komwe. Ndi kompyuta, palibe katundu, palibe draw yeniyeni, palibe chowerenga. Pick 6 nayonso isiyeni kaye, kulondola mipikisano 6 motsatizana si za woyamba kumene. Yambani ndi place, hatchi ingofika m'malo oyambirira, kapena swinger, yoti mahatchi awiri onse afike m'malo atatu oyambirira, ngati mwaona ziwiri zimene mukuzikhulupirira. Betchani pa kampani yokhala ndi chiphaso cha MAGLA, bungwe la boma loyang'anira za beti ndi malotale, yoti ili ndi ofesi imene mungakagogode. Nambala ya munthu payekha, kaya ndi Airtel Money kaya Mpamba, musatumizeko ndalama ya beti. Ndalama ya fodya, ya soya, ya mtedza, ya fizi, isayandikire hatchi. Ikani ya mowa wa Loweruka basi, yoti ikapita mugona tulo.

Komano ndinene zoona, tsiku limene pepala lanu lagwirizana paliponse, katundu, wokwera, wophunzitsa, mtunda, musachite mantha n'kuika K500 ngati mwana. Masiku otero amabwera kamodzikamodzi, ndipo limenelo ndi tsiku lothira ndithu, koma osapyola ya mowa wa Loweruka ija.  Ndipo musamangomvera tipu ya munthu wina aliyense, ngakhale m'bale wanu. Kumvera mumvere okhawo amene amalemba maganizo awo poyera mpikisano usanayambe n'kusiya osafufuta akagwa, alipo angapo ku South Africa amene amatero, ena ndi ochita kulipiritsa pang'ono koma mbiri yawo imaoneka.

Ine ndikadali pa mahatchi. Novembala ndimadikira Summer Cup ya pa Turffontein, Januwale Met ya ku Kenilworth ku Cape Town, Epulo ndimaonerako Grand National ya ku Aintree ngakhale imeneyo ndi yodumpha mipanda ndipo sindiikapo kanthu. July ikayandikira, akangotulutsa makilo ndi ma draw, ndidzaponya zanga zitatu muno ulere, ndi zifukwa zake, mudzandinyoze pambuyo ngati zagwa. Amene mukufuna ndikuonetseni kawerengedwe ka racecard, buku la mipikisano lija, ndipezeni ku inbox madzulo, masana ndimakhala ku dimba netiweki kulibe.

Achimwene, nambala imene akupatsani kuti mutumizeko ndalamayo nditumizireni kuseri, musaiponye pagulu. Ine ya mbava ija ndinaisunga m'kope lomwe lija, ndikufuna ndifananitse.