Za khutu la mwana ndi kabotolo ka amalume

Alamu, mwaswera bwanji ku Kabwata? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali mu minibasi pochokera kuntchito, phokoso lake simukanandimva. Uthenga wanu ndaumvera. Mwati mnyamata wathu akulira khutu chisambireni ndi anzake Loweruka, kukiliniki anakupatsani mankhwala odontheza a ciprofloxacin, lero ndi tsiku lachiwiri koma sizikusintha, ndiye amalume akuti muyese kabotolo kawo ka chaka chatha. Ayi alamu, chonde, ka amalumeko kasafike pakhutu la mwana.

Mwanena kuti mukalikoka pang'ono khutulo amakuwa. Zikatero nthawi zambiri vuto limakhala m'njira ya khutu, kunja kwa nembanemba ija yomwe timamvera. Madzi akatsalira mmenemo khungu limafewa, mwana n'kukandamo ndi chala kapena kamtengo ka machesi, basi tizilombo talowa. Kawirikawiri timakhala totchedwa Pseudomonas, timakonda malo onyowa. N'chifukwa chake anakupatsani odontheza, amafika pachilonda penipeni kuposa mapiritsi.

Koma ndikufunseni, mukumuthira bwanji? Chifukwa ine kuntchito ndimaziona tsiku ndi tsiku. Mayi amuimika mwana, apendeketsa mutu, dontho, dontho, mwana wathamanga kukasewera, mankhwala onse akuyenderera m'khosi mpaka pakolala ya malaya. Mawa lake abwera akuti mankhwala sakugwira. Njira ya khutu ija si yowongoka, imakhota, ndipo kwa munthu wamkulu imatalika pafupifupi masentimita 2.5. Ikatupa ndiye imapanikizika kwambiri, madontho amangoima pakhomo.

Ndiye usiku uno chitani chonchi. Musambe m'manja, kabotoloko mukafumbate kwa kanthawi kuti katenthereko, chifukwa ozizira amachititsa chizungulire ndipo mwana sadzalolanso. Ngati pali mafinya panja mupukute ndi kansalu koyera, panja pokha, osalowetsa kanthu. Agone chammbali pamphasa kapena pamiyendo panu, khutu lodwalalo liyang'ane kumwamba. Mulikoke mofatsa chakumwamba ndi chakumbuyo, njira imawongoka. Mudontheze monga analembera papepala, kukamwa kwa botolo kusakhudze khutu. Kenako kanyama kolimba kaja kali pakhomo pa khutu mukadinize pang'onopang'ono kangapo, mudzaona mankhwala akutsika. Akhale chigonere mphindi 5. Mumupatse foni aonere makatuni ngati n'kofunika, bola asadzuke. Mphindi zimenezi ndi zomwe anthu ambiri amadumpha, koma ntchito yonse yagona pamenepo.

Tsopano za amalume. Sindikuwanyoza ayi, akufuna kuthandiza mdzukulu wawo. Koma mankhwala a m'khutu si amodzi. Ena muli gentamicin kapena neomycin, ndipo ngati nembanemba ili ndi kabowo, amenewo akalowa mkati angathe kuwononga kumva. Ife kunyumba sitingaone ngati yabooka, pamafunika katochi kaja koonera m'khutu. Ciprofloxacin amagwiritsidwa ntchito ngakhale pali kabowo. Komanso botolo lotsegulidwa chaka chatha, lakhala m'kabati nyengo yonse yotentha ija, ndi loyenera kutaya basi. Mafuta ophikira, madzi a masamba, nthenga ya nkhuku, zonsezo ayi.

Masiku awiri musataye nawo mtima. Mukathira bwino, ululu umayamba kuchepa pakati pa maola 48 ndi 72. Panopa mumupatse Panado molingana ndi msinkhu wake kuti agoneko. Akayamba kupeza bwino musasiye, mumalize masiku onse omwe anakuuzani, nthawi zambiri amakhala 7. Kusambira aiwale kaye. Posamba mutseke pakhomo pa khutu ndi thonje lopaka Vaseline, akamaliza muchotse, lisamakhalemo tsiku lonse.

Mukathira bwino masiku atatu koma osasintha, mubwerere. Mwina njira yatsekeka ndi kutupa, amaikamo kachingwe kofewa koti kazikokera mankhwala mkati, kapena amayamba atsukamo. Mwinanso ndi mafangasi, aja oyabwa kwambiri otulutsa zoyera kapena timadontho takuda, amenewo amafuna ena monga clotrimazole. Koma akatentha thupi, kutupa kukafika kuseri kwa khutu kapena patsaya, kapena akanena kuti akumva kuwawa kwa mankhwala kukhosi mukamuthira, musadikire masiku atatuwo. Pitani ku chipatala cha Chilenje pafupi nanupo, iwo akaona kuti n'zofunika adzakulemberani kalata ya ku chipatala chachikulu cha UTH kwa madokotala a makutu.

Popeza tonse tili mu gulupu muno, ndinenenso za agogo. Sabata yatha ndinawaona akuzunguza kamtengo ka machesi m'khutu atakhala pakhonde, mtima wanga unapweteka. Munthu wa shuga ngati iwo, matenda omwewa angathe kulowerera mpaka pafupa, makamaka ngati ululu ukukula usiku. Iwo akangodandaula khutu, tsiku lomwelo apite kuchipatala, osawapatsa otsala a mwana.

Alamu, mukamuthira usiku uno mundiimbire pavidiyo, foni muipatse achimwene agwire, ndione mmene mukukokera khutulo. Ndikhala maso mpaka 21 koloko.