Ana sakulowa mu laibulale, kodi foni yawadyetsa chiyani?

Mphunzitsi wina wa ku Katete wanditumizira imelo, akuti pasukulu pawo pali kachipinda ka mabuku koma kamangodzaza fumbi, pomwe ana a giledi 9 akangogwira foni ya amalume ndi TikTok mpaka batire kuthima. Ndiye akufunsa kuti mufonimo muli mankhwala anji, ndipo iwo angabeko pang'ono?

Aphunzitsi, mankhwala mulibe, zinapangidwa dala. BJ Fogg, katswiri wa khalidwe la anthu wa ku yunivesite ya Stanford, amafotokoza kuti munthu amachita chinthu ngati akuchifuna, chili chosavuta, komanso pali chomukodola nthawi yomweyo. Kadontho kofiira ka notifikeshoni kaja ndiye kukodolako. Ndiye pali zija zoti ukamakankha ndi chala zinthu zimangobwera osatha, anayambitsa ndi Aza Raskin mu 2006 ndipo mwini wake anadzanong'oneza bondo pambuyo pake.

Lomba taonani kachipinda kanuko. Ndikukayika ngati kakusiyana ndi komwe ndinakulira ine, mabuku onse atapanikizana kuonetsa msana chabe, kabati yokhoma, kiyi ali ndi adeputy omwe apita ku boma kukatenga malipilo, ukabwera mawa akuti bwera Lachisanu. Mwana angalimbe?

Pitani pa msika wa Kapata ku Chipata mukaone amayi a tomato. Saika mu thumba ayi, amaunjika timilu patsogolo, wofiira bwino pamwamba, kenako kambasela. Inunso tengani mabuku asanu muwaike pakhomo penipeni chikuto chikuyang'ana anthu, Lolemba lililonse musinthe. Mapepala akale a mayeso a ECZ (bungwe la mayeso ku Zambia), omwe ana amawafuna kale, akhale mkati kumapeto kuti podutsa aone tinthano. Kubwereka kukhale kungolemba dzina mu kope basi, ndipo amene wamaliza buku alembe mzere umodzi pa kakhadi mumate pa shelefu, mnzake akaona dzina la mnzake amafuna naye.

Koma zomumata mwana kuti asachoke, zimenezo asiyireni a TikTok. Ranganathan, katswiri wa malaibulale wa ku India, pa malamulo ake asanu a 1931 anaikapo loti osamutayitsa nthawi wowerenga. Akapeza chomwe amafuna azipita, kunyumba kukudikira madzi ndi mbuzi.

Za faindi ya obweza mochedwa, ine ndingachotse. Ndinasunga buku la eni chaka chonse pansi pa matilesi chifukwa choopa faindi, ndipo pakhomo paja sindinapondeponso.