MGB yanu isatsike, achimwene, muno ndi mu Blantyre

Achimwene ena a ku Namiwawa anditumizira imelo. Ali ndi MGB ya 1973, galimoto yakale ya ku England, kutsogolo ikugogoda, ndiye akufuna masipuling'i aafupi ndi mashoko amakono kuti itsike ngati zomwe akuona pa YouTube. Funsoli landifika pamtima, chifukwa ine ndikulipirabe zomwe munthu wina anachita ndi maganizo omwewa.

Yanga ndi MGB GT. Ndinaigula kwa mdala wina ku Thyolo, itakhalitsa pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka nkhuku kumaikira mazira pampando. Mwana wa mdalayo anali ataipititsa kwa makaniko wina amene anadula masipuling'i ndi girayinda. Poimika inkakongola, sindikana. Koma hampu iliyonse ekizozi inkakhula pansi, ine n'kumadutsa chopingasa pang'onopang'ono, maminibasi akuliza mahutala kumbuyo. Tsiku lina ku Limbe kondakitala anachita kutulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Bwana, ingoisenzani pamutu!" Anthu onse m'basimo kuseka. Mayi akunyumba kuyambira pomwepo anakana kukweramo, akuti bola kabaza.

Galimotozi ankazipanga ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo ngakhale osazikhudza, pansi pake pamangotsala masentimita pafupifupi 13. Chakumapeto kwa 1974 eni ake anazikweza pang'ono potsatira malamulo a ku America, n'kuziveka mabampa akuda a labala. Okonda MG kunjako akudandaulabe mpaka lero. Adandaule okha. Iwo sanadutsepo njira ya ku Machinjiri mvula ya Januwale itangokumba maenje.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi nkhani ya mashoko. Shoko ya kutsogolo ya MGB si ya mpope ngati ya Corolla. Ndi kabokosi kachitsulo ka kampani ya Armstrong kokhala ndi oyilo mkati, ndipo mkono wake ndi womwe umagwira gudumu chakumtunda. Anyamata a m'magalaja athu akangoiona amati, "Iyi yatha, biggie, tiwotcherere ina." Kuwotcherera pati? Nthawi zambiri yangouma oyilo basi. Ndipo ngakhale mugule mashoko amakonowo, nthawi zambiri kabokosiko sikachotsedwa, kamatsalabe kugwira ntchito ya mkono. Ine ndimakana ndithu, munthu wobwera ndi makina owotcherera asayandikire galimoto yanga.

Za mtengo ndiye musanene. Zipangizozi simungazipeze m'mashopu a ku Ginnery Corner, mpaka muitanitse ku England kapena mupemphe wina wochokera ku Johannesburg akunyamulireni m'chikwama. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine ndimayamba ndawerengera matumba a feteleza ndisanadine batani logula. Forex yake muipeze kuti? Kuonjezera msonkho.

Nanga ndalama muike pati?

Kugogodako kawirikawiri ndi mabushi (timalabala ta m'malumikiziro a mikono) kapena ma kingpin (zitsulo zomwe gudumu limazungulirapo pokhota). Ikwezeni pa jeke, mugwire tayala pamwamba ndi pansi, mugwedeze. Ma kingpin amafuna girisi pakatha makilomita pafupifupi 5,000, ndipo mabere opoperamo girisiwo amatsekeka ndi fumbi lathuli. Ngati adyeka, sinthani. Pa mikono ya pansi ikani mabushi a MGB V8, ndi olimba kuposa wamba koma sagwedeza msana ngati a pulasitiki ya polyurethane. Manati ake mumange galimoto itatera pa matayala ake, apo ayi labala imang'ambika msanga. Thirani oyilo m'mashoko, amene akudontha muwakonzetse. Masipuling'i akhale a msinkhu wake weniweni, ndipo powachotsa jeke ikhale pansi pa mbale yomwe sipuling'i imakhalapo, chifukwa akafwamphuka amathyola dzanja. Mukatha mupite ku alayimenti, kenako mukaiyese pa makona otsikira ku Chikwawa m'mawa, malole a shuga asanachuluke.