Za buku lija la mankhwala opopera

Achimwene mwafunsa kuti bwanji ana akukoleji akuwavutitsabe ndi buku la ku America la 1962 pomwe ife mutu ukutiwawa ndi ntchemberezandonda m'chimanga, ndiyankheko poti nane ndinaliwerengapo.

Bukulo ndi Silent Spring, analemba ndi mayi Rachel Carson. Nthawi imeneyo DDT, mankhwala opopera ophera tizilombo, ankamutenga ngati mpulumutsi, Paul Müller amene anatulukira kuti amapha tizilombo analandira mpaka mphoto yaikulu ya Nobel mu 1948, ndiye anthu ankangomwaza paliponse ndi ndege zomwe. Mayiwa ndi omwe anati tadikirani kaye, poizoni sathera pomwe mwapoperapo, amalowa m'dothi ndi m'madzi, nyongolotsi yadya, mbalame yatola nyongolotsi ija, basi mbalame kumangogwa m'mitengo. Makampani a mankhwala anawanyoza koopsa. Mayiwa anamwalira 1964 ndi khansa koma 1972 America inaletsa DDT m'minda, kenako pangano la mayiko la ku Stockholm la 2001 loletsa mankhwala oopsa linangomusiyira kampata kophera udzudzu wa malungo.

Tsono tabwerani kuno ku Kasungu muone. Kudimba kwathu mbali ya Bua ndaonapo ndi maso angawa munthu akusungunula mankhwala a tomato m'chitini nkumatakasa ndi dzanja, magolovesi alibe, kamwana kali pompo kakutafuna nzimbe, wapopera madzulo mawa lake mmamawa tomato yemweyo ali pamsika, sipuleya kukatsukira mumtsinje momwe anzake akuwedza kumunsi, kabotolo kotsala mayi akunyumba asungiramo mafuta ophikira. Ndiye ife Achewa tikumbukire timadya chani, mbewa, ziwala, ngumbi, therere la m'munda momwemo. Mbalame za m'buku zija kuno ndi ifeyo achimwene. Za Actellic wothira mopyola muyezo m'thumba ati anankafumbwe akhaule sindinenako, nane ndinachitapo.

Ena amati mayiwa anaphetsa anthu ndi malungo chifukwa cha kuletsedwa kwa DDT, ine ndimakana, sanati mankhwala onse atayidwe ayi, anati osamangomwaza chimwazemwaze, anachenjezanso kuti tizilombo timazolowera. Apapa ndiye analasa, chaka chatha ine ndapopera katatu konse mbozi zili phee m'kati mwa chimanga, neba wanga amangothira dothi ndi phulusa pansonga ndipo chake sichinasiyane kwenikweni ndi changa, ndalama yanga ndi imene inapita.