Maganizo akakuchulukirani kuno kunja

Abale anga amene mwangofika kumene, takulandirani. Za mapepala, za nyumba ndi za ntchito mumva kwa anthu ambiri, chifukwa aliyense amene wakhalitsa kuno amakonda kulangiza zimenezo. Ine ndikufuna tikambirane nkhani imene palibe anandiuza pamene ndinkafika, koma inatsala pang'ono kunditengera kumanda. Ndikunena matenda ovutika maganizo, amene ambiri timangowatchula kuti dipuleshoni.

Anandigwira m'chaka changa chachiwiri, nthawi imene zinthu zinali zitayamba kuyenda. Ntchito ndinali nayo, chipinda changachanga ndinali nacho, kumudzi ndinkatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi. Koma ndimakumbukira m'mawa wina nditakhala m'mphepete mwa bedi, nsapato imodzi ili kuphazi, inayo ili m'manja. Ndinakhala choncho mpaka basi ya kuntchito inandisiya. Sindinkalira ayi, ndipo panalibe chenicheni chimene ndinkaganiza. Kungowerama kuti ndimange chingwe cha nsapato kunandikulira. Foni inalira, ndinaona kuti ndi amayi, ndipo ndinangoiyang'ana mpaka inaduka yokha. Madzulo ndinawalembera kuti, "Pepani amayi, ndinali pantchito, ndili bwinobwino."

Mawu akuti ndili bwinowa ndinawanena kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Tonse kuno timawadziwa. Unachoka kwanu anthu akukuona ngati wamwayi, ena anachita kusonkha kuti ukwere ndege, ndiye ungayambire pati kuwauza kuti ukulephera kudzuka pabedi? Umadziuza wekha kuti ndi ulesi, kapena kusayamika. Umadzikalipira kuti limba mtima, anthu akuvutika zenizeni kumudzi. Akuluakulu anati bisani matenda, maliro tidzamva, ndipo mwambi umenewu ndimaumva mosiyana kwambiri masiku ano.

Tisiyanitse kaye kupukwa ndi matenda. Kupukwa kwanu aliyense amakumva, ndipo sikulakwa. Kumabwera n'kupita. Ukamva mawu a m'bale wako, ukaseka ndi anzako, mtima umapepukako. Matendawa sasuntha. Madokotala amayang'ana ngati munthu wakhala wokhumudwa, kapena wasiya kusangalala ndi zinthu zimene ankakonda, pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri kapena kupitirira apo. Pamwamba pa izo pamabwera kusowa tulo kapena kugona mopitirira muyeso, kusafuna kudya kapena kumangodya, kutopa kosatha, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kudziona wachabechabe, mwinanso kumaganiza za imfa. Ambirife zimayamba kuonekera m'thupi. Ine ndinkadandaula mutu ndi msana, n'kumamwa mankhwala opha ululu ngati ndikudwala china. Amuna ena sakhala achisoni konse pamaso pa anthu. Amangosanduka aukali, kakang'ono kakuwapsetsa mtima, botolo silikuchoka m'manja.

Musadzione ngati ndinu nokha. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni ali ndi matenda amenewa, ndipo mwa akuluakulu 100 aliwonse, asanu amadwala. Amagwira akazi ambiri kuposa amuna, ndipo azimayi oyembekezera kapena amene angobereka kumene ndi amene ayenera kusamala kwambiri. Mchemwali amene mwaberekera kuno, kutali ndi amayi anu, mukaona kuti misozi sikutha milungu iwiri itadutsa, uzani azamba kapena dokotala msanga.

N'chifukwa chiyani moyo wakunja umawaputa matendawa? Ine ndikuganiza kuti chachikulu n'chakuti kuno palibe wokuona. Kwanu, ukangokhala masiku awiri osatuluka, wina amagogoda n'kufunsa kuti kwagwanji. Kuno ukhoza kutseka chitseko Lachisanu n'kudzatsegula Lolemba, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti sunadye. Onjezanipo mashifiti ausiku amene amasokoneza tulo, ntchito yosagwirizana ndi sukulu imene munaphunzira, kudikira yankho la mapepala miyezi ndi miyezi, kuyang'anidwa moipa chifukwa cha khungu kapena kalankhulidwe, ndiponso maliro a kwanu amene mumangowamvera pafoni. Amene muli m'mayiko a kumpoto muli ndi vuto linanso. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, moti umapita kuntchito kuli mdima n'kuweruka kulinso mdima. Pali mtundu wa matendawa umene umabwera ndi nyengo yozizira chaka ndi chaka, ndipo madokotala amaudziwa bwino.

Chimene chinandipulumutsa n'chakuti mnzanga wina wa kuntchito, bambo wachikulire wochokera dziko lina, anandiimitsa pamalo osinthira zovala. Anati, "Mwana wanga, milungu itatu tsopano sukuseka. Wapita kuchipatala?" Ndinamuyankha kuti sindikudwala. Iye sanakangane nane. Anangoima pompo mpaka ndinatulutsa foni n'kupempha tsiku lokaonana ndi dokotala.

Ndikuuzeni zimene zimachitika kumeneko, chifukwa mantha ambiri amabwera ndi kusadziwa. Nthawi yoonana ndi dokotala imakhala yochepa, ndiye musayambe ndi mutu ndi msana ngati mmene ndinachitira ine. Lembani pakapepala musanapite: zinayamba liti, mukugona maola angati, mukudya bwanji, kuntchito mwajomba kangati. Mukafika nenani mosabisa kuti, "Ndikuganiza kuti ndili ndi dipuleshoni." Ngati chilankhulo chikukuvutani, funsani ngati angakupezereni womasulira, ndipo ndi bwino asakhale mwana wanu kapena munthu amene mumachita naye manyazi. Mwina adzakupatsani fomu ya mafunso 9 yotchedwa PHQ-9, yofunsa mmene mwakhalira milungu iwiri yapitayo. Ine nditafika pa funso lomaliza, lofunsa ngati ndimaganiza kuti bola kungofa, dzanja linanjenjemera, koma ndinayankha zoona. Dokotalayo sanadzidzimuke. Anasendeza mpando wake n'kundifunsa mofatsa. Anandiyezanso magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimabweretsanso kutopa kofanana ndi kumeneku. M'mayiko ambiri malamulo salola dokotala kuulula zimene mwamuuza, pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi.

Za mankhwala pamanenedwa zambiri pakati pathu, ndipo zina n'zabodza. Ena amati ukangoyamba ndiye kuti wapenga, ena amati sudzasiyanso. Mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri, monga sertraline ndi fluoxetine, sasintha munthu kukhala wina. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamapita milungu ingapo, nthawi zina inayi mpaka isanu ndi umodzi, munthu asanaone kusintha kwenikweni, ndipo masiku oyambirira akhoza kukuchititsani nseru kapena kukusokonezani tulo. Ambiri amasiyira pamenepa n'kumati sakuthandiza. Pirirani, ndipo mukaona zachilendo bwererani kwa dokotala. Achinyamata osapitirira zaka 25 ayenera kuyang'aniridwa kwambiri milungu yoyambayo, chifukwa kwa ena maganizo odzipha amakula kaye. Mukayamba kupeza bwino musataye botolo la mankhwala. Nthawi zambiri amalangiza kupitiriza kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, kenako kuchepetsa pang'onopang'ono mogwirizana ndi dokotala. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire ndi nkhawa, ndipo matenda akhoza kubwerera.

Si aliyense amafunika mankhwala. Kucheza ndi katswiri wa uphungu kumachiritsanso, makamaka matenda akakhala kuti sanafike poipa. Poyamba ndinkaona ngati kumeneko n'kutaya nthawi, zinthu za eni dziko. Ndinasintha maganizo nditamva za ntchito ya Friendship Bench imene dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ku Zimbabwe. Kumeneko agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene ali ndi vuto limene m'Chishona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankha limodzi, n'kupeza poyambira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti njira imeneyi imathandizadi. Zimene mlangizi wanga ankachita nane zinali zomwezo basi.

Phunziro lalikulu limene anandipatsa ndi ili. Ine ndinkadikira kuti mtima ufune kaye, kenako ndidzuke, ndisambe, ndituluke. Iye anandiuza kuti pa matendawa zimayenda mobwerera: umayamba wachita, kufuna kumadza pambuyo. Tinagwirizana zinthu zazing'ono kwambiri moti poyamba ndinachita manyazi kuzilemba. Kutsegula makatani ndikangodzuka. Kutsuka mbale imodzi, osati zonse zimene zinadzaza m'sinki. Kuyenda mpaka pa siteji ya basi yachiwiri n'kubwerera, kunja kukadali kowala. Ndinamata kapepala kuseri kwa chitseko n'kumachonga. Masiku ena ndinkachonga chimodzi chokha. Patapita milungu itatu ndinazindikira kuti ndapitirira siteji ija osadziwa, ndikuonerera ana akusewera mpira pabwalo. A WHO amalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, koma musayambire pamenepo. Yambani ndi mphindi khumi lero.

Tulo mulisamale ngati malipiro anu. Dzukani nthawi imodzimodzi ngakhale tsiku lopuma, ndipo foni isagone nanu pabedi. Ngati mashifiti ausiku akukuwonongani, pemphani kusintha, ngakhale ndalama zichepeko. Mowa ndikuchenjezeni mwamphamvu. Umaoneka ngati ukugonetsa, koma umadula tulo pakati pa usiku, ndipo m'mawa maganizo aja amabwerera ataonjezeka. Kubetcha pafoni nakonso kwagwetsa anzathu angapo amene ankangofuna choiwalitsa.

Pali nkhani ya zopempha za kumudzi, imene ambiri safuna kuikhudza. Foni ikamalira kawirikawiri ndipo uthenga uliwonse ukuthera pa vuto lofuna ndalama, munthu umayamba kuopa foni yako yomwe, n'kudzipatula ngakhale kwa anthu amene amakukonda. Ine ndinasankha ndalama imene ndingakwanitse pamwezi, ndinawauza abale momveka, ndipo ndinapempha kuti tiziimbirananso masiku ena kungocheza chabe. Panali kukhumudwitsana poyamba. Koma kuyambira pamenepo ndinayambanso kuyankha foni ya amayi. Tsiku limene ndinawauza zoona za matenda anga anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwanawe, ukanandiuza kale." Sanamvetse zonse, koma anasiya kundifunsa za ntchito n'kuyamba kundifunsa ngati ndagona.

Amene mumapemphera, pitirizani. Mpingo kapena mzikiti umakupatsani anthu oti azikuonani mlungu ndi mlungu, chimene n'chosowa kuno. Koma munthu akakuuzani kuti mukudwala chifukwa chikhulupiriro chanu n'chochepa, kapena kuti mutaye mankhwala, musamumvere. Wodwala shuga amapemphera uku akumwa mankhwala ake, ndipo palibe amamunena.

Pezani munthu mmodzi, mmodzi yekha ndi wokwanira, woti mumuuze zoona. Mumuuzenso chochita: "Ukaona masiku awiri ndisanayankhe uthenga, ubwere udzagogode." Inunso mukaona mnzanu wasiya kubwera kumene mumakumana, musathere pa kulemba kuti uli bwanji, chifukwa adzayankha kuti ndili bwino. Pitani. Ngati mukukayikira, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizo amenewo m'mutu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Ngati ndinu amene maganizo amenewa akukufikirani, musakhale nokha usiku umenewo. Mankhwala ochuluka ndi chilichonse chimene mungadzipweteke nacho patsani munthu wina akusungireni, ndipo imbani foni kapena pitani kuchipatala cha odwala mwadzidzidzi. M'mayiko a European Union nambala yangozi ndi 112. Ku United States kuli 988. Ku UK ndi ku Ireland a Samaritans amayankha pa 116 123 usana ndi usiku, kwaulere. Ku South Africa kuli bungwe la SADAG, lothandiza anthu ovutika maganizo. Fufuzani nambala ya dziko limene muli lero lomwe, mukadali bwino, muisunge mufoni.

Matendawa amatha kubwerera, ndipo kwa ine anabwereradi. Unali mwezi wa Novembala, patapita zaka zitatu ndili bwino. Ndinazindikira ndi makatani. Masiku atatu otsatizana ndinali ndisanawatsegule, ndipo mbale zinali zitayambanso kuunjikana. Tsiku lachinayi ndinaimbira kuchipatala 8 koloko m'mawa, ndinauza mnzanga uja, n'kumatanso kapepala kuseri kwa chitseko. Ulendo umenewo sindinajombe kuntchito ngakhale tsiku limodzi.