Mafunso Anu: Gule wa makolo m'filimu yamakono

Funso: Ndife achinyamata khumi a kwa Kamwendo ku Mchinji. Tinaonera pa YouTube anthu a ku Tibet akusakaniza mavinidwe amakono ndi a makolo awo. Nafenso tikufuna kujambula filimu yotere, titengeko chimtali ndi gule wamkulu. Tiyambire pati?

Yankho: Yambani mwadziwa chimene chimawavinitsa anzanuwo. Mu 1959 Dalai Lama, mtsogoleri wachipembedzo wa anthu a ku Tibet, anathawa ku Tibet kupita ku India, ndipo anthu miyandamiyanda anamutsatira. Chaka chomwecho anakhazikitsa sukulu ya magule ndi zisudzo yotchedwa Tibetan Institute of Performing Arts, yomwe lero ili ku Dharamsala ku India komweko, kuti nyimbo, magule ndi zisudzo zoimba za lhamo zisafe. Adzukulu a othawawo anabadwira ku India, ku Nepal, ena ku New York ndi ku Toronto, ndipo ambiri sanapondepo ku Lhasa, likulu la Tibet. Akamavina amakhala akufunsa kuti kwathu n'kuti. Inu mudzi wanu ulipo, manda a agogo mumawaona, ndiye musabwereke chisoni cha eni. Funso likhale lanu: mnyamata wobwera ku Joni amene ng'oma yamusokonekera m'mapazi, kapena mtsikana wa makolo a mbali zonse za malire a Mwami.

Magule a ku Tibet nawonso sali ofanana kulemera. Gorshey ndi wozungulira bwalo, aliyense amalowa, wachisangalalo ngati chimtali. Cham ndi wa zigoba kumaso, amavinidwa ndi amonke ku nyumba zawo za mapemphero pa masiku oikika, ndipo ndi pemphero. Gule wamkulu muuone ngati cham. Pitani kwa amfumu ndi akuluakulu a mzinda musananyamule n'komwe foni, muwauze komwe filimuyo idzaonetsedwe. Kudambwe sikujambulidwa, ndipo amene sanagule njira asavale za chilombo ati pokongoletsa filimu. Mlandu wake mudzaulipira nokha, ife kulibe.

Pa chimtali ndiye masukani. Musatenge gule yense. Sankhani kavinidwe kamodzi, tinene kudikula. Kavinidweko kabwerezeni kanayi pa liwiro lake, kenako mukachedwetse ndi theka, kenako ng'oma ileke mutsale ndi phokoso la mapazi ndi mpweya wokha. Apo m'pamene chakale chimasanduka chatsopano koma agogo akuchizindikirabe. Filimu yoyamba isapitirire mphindi zitatu.

Funso: Ndimaphunzitsa ku Santhe, Kasungu. Tinajambula ana akuvina mganda koma ng'oma zikumveka ngati malata, ndipo chithunzi chikuthwanima. Tinalakwa chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, maikolofoni a foni ndi aang'ono, ng'oma ikakhala pafupi amadzadza n'kuyamba kusasa. Pezani foni yachiwiri yojambulira mawu okha. Muiike mamita anayi kapena asanu kuchokera pa ng'oma, pa mpando woyalapo chitenje kuti isanjenjemere, cha kumene kuli oimba ndi mabaja. Onse akakonzeka, mmodzi awombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Podula filimu mudzalumikiza mawu ndi chithunzi pa kuwombako.

Kuthwanimako ngati munajambulira m'kalasi ndi kwa magetsi. Athu amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, pamene mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa mafelemu (zithunzi) 30 pa sekondi. Sinthani akhale 25 ngati foni ikulola, apo ayi zimitsani mababu mutuluke panja. Panjapo jambulani m'mawa isanakwane 8 koloko kapena madzulo kuyambira 4 koloko, chifukwa dzuwa la paliwombo limadetsa maso a ovina. Dinani nkhope ya wovina pa sikirini osachotsa chala mpaka kuwala kutsekeke, kuti malaya oyera a mganda asamasinthesinthe chithunzi.

Cholakwika chimene timachiona kwambiri n'kudula mapazi. Wojambula amathamangira nkhope, pomwe mganda uli m'miyendo. Foni igone chopingasa, ikhale pa msinkhu wa m'chiuno, thupi lonse lioneke kuyambira chipewa mpaka nsapato, ndipo isayendeyende. Pema Tseden, wopanga mafilimu wa ku Tibet amene anamwalira mu 2023, anajambula filimu yotchedwa Tharlo ya 2015 yakuda ndi yoyera basi, kamera itangoima malo amodzi kwa nthawi yaitali. Inunso imikani foni pa njerwa kapena muimangirire ku mtengo. Bwalo muliwaze madzi pang'ono kutatsala theka la ola, fumbi la Okutobala lisaphimbe ana.